Akachenjede Akale Akamayankhula, Tiwamve Bwanji?

 Nkhani yathu lero ikukhudza anthu amene tsopano mitu yawo yayera mbuu ndi imvi, koma amene kale anali achinyamata onyamula masutikesi achitsulo, akutsika basi mu Blantyre kapena sitima ya pamtunda ku Limbe, kudzayamba maphunziro apamwamba. Tikunena za ophunzira akale a m'makoleji a dziko lino, makamaka amene anaphunzira mu mzinda wa Blantyre zaka makumi asanu kapena asanu ndi limodzi zapitazo. Kodi ali kuti lero? Mbiri yawo imatifika kudzera njira ziti? Ndipo akamatiuza maganizo awo pa za maphunziro a masiku ano, tiziwamva motani?

Tiyambe ndi tsiku limodzi. Pa 29 Seputembala 1965, Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa ku Chichiri, m'nyumba zimene poyamba zinali sukulu ya sekondale ya ana a Amwenye. Ophunzira oyamba anali 90 okha. Mkulu woyendetsa sukulu ya ukachenjedeyi anali Dr Ian Michael wochokera ku Mangalande. Chaka chotsatira, mu 1966, kalembera anapeza kuti m'dziko muno munali anthu pafupifupi 4 miliyoni. Taganizani tsono, omvera: pa anthu onsewo, amene analowa pa khomo la ku Chichiri akanakwana m'mabasi awiri. Mnyamata amene analowa ali ndi zaka 20 pa tsiku limenelo anakwanitsa zaka 80 mu 2025, ngati Mulungu anamsunga. N'chifukwa chake nkhaniyi siyofunika kuizengereza, pakuti eni ake akutha mmodzimmodzi.

Yunivesiteyi isanabadwe, mwana wa m'Nyasaland wofuna digiri anayenera kutuluka m'dziko. Choyamba anayenera kupeza malo pa imodzi mwa masekondale owerengeka: Blantyre Secondary School imene inatsegulidwa mu 1940, Zomba Catholic imene inatsatira mu 1942, kapena ya boma ya ku Dedza ya mu 1951. Akapambana kumeneko, ulendo unali wa ku Fort Hare ku South Africa, ku Makerere ku Uganda, ku Salisbury, ku India kapena ku Mangalande. Henry Masauko Chipembere anadzera pa Blantyre Secondary School nakatenga digiri yake ku Fort Hare. Orton Chirwa nayenso anali wa ku Fort Hare, pamene Kanyama Chiume anali wa ku Makerere. Anthu amenewa anasemphana ndi Dr Kamuzu Banda mu Seputembala 1964, pa mkangano uja wa nduna, ndipo lamulo lokhazikitsa Yunivesite linadza mwezi wotsatira, mu Okutobala. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa tiibwereranso. Sukulu ya ukachenjede ya dziko lino inabadwa pa nthawi imene boma linali litayamba kale kuyang'ana munthu wophunzira ndi diso lokayikira.

Pofika 1967, mzinda wa Blantyre ndi madera ozungulira ndiwo anali kwawo kwa maphunziro apamwamba. Ku Chichiri kunali Chancellor College. Chapafupi pomwepo, m'mbali mwa msewu waukulu wolumikiza Blantyre ndi Limbe, panali Polytechnic. Ku Soche Hill ankasula aphunzitsi a ku sekondale, ndipo ku Mpemba ankaphunzitsa za malamulo ndi kayendetsedwe ka boma. Bunda yokha ndiyo inali kutali, ku Lilongwe. Mu 1973 makoleji a ku Chichiri, Soche Hill ndi Mpemba anasamukira ku Chirunga, ku Zomba, nasanduka Chancellor College imodzi. Motero nkhalamba ikakuuzani kuti inaphunzira ku Chancellor College koma sinagonepo ku Zomba, musaiyese yabodza kapena yosokonezeka mutu. Ikunena za ku Chichiri.

Kumaiko ena, makamaka ku America, kuli chizolowezi chakuti koleji imasindikiza magazini ya ophunzira ake akale. M'masamba a kumapeto amaikamo timakalata ta gulu lililonse monga mwa chaka chimene linamaliza: uje wapuma pa ntchito, uje wabadwitsa chidzukulutudzi, uje akudandaula kuti koleji yasintha. Ku Harvard, gulu lililonse limatulutsa buku lake pakapita zaka zisanu zilizonse, ndipo munthu aliyense amalembamo za moyo wake ndi maganizo ake. Zambiri za m'menemo ndi nkhani zazing'ono, koma zikaunjikana kwa zaka makumi ambiri zimasanduka nkhokwe imene olemba mbiri amatapamo.

Kwathu kuno chizolowezi chotere sichinazike mizu. Mbiri ya akachenjede athu akale imatifika kudzera njira zina, ndipo njira yaikulu kuposa zonse, ngakhale n'zowawa kunena, ndi ya maliro. Timamva dzina pa mauthenga achisoni. Kenaka pa tsiku loika, kaya ndi m'tchalitchi cha St Michael and All Angels, kaya ndi ku Limbe Cathedral, kaya ndi ku manda a HHI, wina amaimirira kuwerenga mbiri ya malemu. Pamenepo ndi pomwe adzukulu amamva koyamba kuti agogo aja ankangokhala pakhonde ku Chitawira kapena ku Kanjedza anali m'gulu loyamba la ku Chichiri, kuti anaphunzitsapo anthu amene pambuyo pake anadzakhala nduna, kapena kuti anagonapo ku Mikuyu popanda mlandu. Mbiri yonse ya zaka 80 imapanikizidwa m'mphindi zisanu, mwini mwambo akuyang'ana pa wotchi chifukwa mitambo yayamba kuda. Ndipo monga mudziwa, pa maliro sitinena zonse. Timasankha zokoma zokha.

Njira ina ndi ya magulu a ophunzira akale. Pano ndiyenera kunena kuti magulu a masekondale ndiwo amaoneka amoyo kuposa a makoleji. Munthu akangoti ndi wa Box 2, anzake amadziwa kuti ndi wa ku Zomba Catholic. Akati Box 48, ndiye kuti ndi wa ku Dedza. Maina amenewa anachokera pa makeyala a ku positi ofesi, ndipo nkhalamba zimawatchula ndi kunyada konga kwa msilikali wotchula gulu lake la nkhondo. Amakumana m'mahotela ndi m'makalabu a mu mzinda, amasonkha ndalama zopentera chipinda chogona kapena zogulira mabuku, ndipo masiku ano ambiri adzukulu anawalowetsa m'magulu a pa WhatsApp. Nkhani zimene amauzana kumeneko ndi za ukalamba: wina wagonekedwa ku Gulupu, wina shuga yamuvuta, wina wapita kukaona ana ku Johannesburg kapena ku Manchester. Nkhani ya penshoni siisowa. Amene anayamba ntchito ndalama zikadali mapaundi, kwacha isanabwere mu 1971, anaona ndalama yawo ikuchepa mphamvu kangapo konse, ndipo mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 pa 100 alionse tsiku limodzi. Mlembi wamkulu wakale wa mu unduna, amene ankayenda ndi dalaivala, lero mungakumane naye pa mzere wa minibasi ya ku Machinjiri. Koma zonse za pa foni zimafufutika foniyo ikangoonongeka.

Njira yachitatu, imene ili yokhalitsa, ndi ya mabuku ndi nyuzipepala. Ochepa mwa akachenjede akale anakhala pansi nalemba. Sam Mpasu anali mmodzi wa ophunzira a ku Chichiri a zaka zoyambirira. Mu 1975 anamangidwa chifukwa cha kabuku kake ka nthano kotchedwa Nobody's Friend, nakhala m'ndende zaka ziwiri osaonekera ku khoti. Mu 1995 anafotokoza za m'ndendemo m'buku lake la Political Prisoner 3/75. Jack Mapanje, wa ku Kadango ku Mangochi, anadzera pa Soche Hill ndi Chancellor College, ndipo anali mmodzi wa amene anayambitsa gulu la alembi la Writers' Group ku Chichiri mu 1970. Gululi linatulutsa kabuku ka ndakatulo kotchedwa Mau mu 1971. Mapanje anadzakhala mkulu wa chigawo cha Chingerezi ku Zomba, koma mu Seputembala 1987 apolisi anamutenga, ndipo anatuluka ku Mikuyu mu Meyi 1991, osazengedwa mlandu. Zaka makumi awiri zitapita, mu 2011, ali ku Mangalande, anasindikiza mbiri ya zimene anaona m'buku la And Crocodiles Are Hungry at Night. Mayi Emily Mkamanga, amene anaphunzira za ulimi, analemba Suffering in Silence mu 2000, pofotokoza zimene amayi anakumana nazo m'zaka 30 za ulamuliro wa Dr Banda, ndipo anapitiriza kulemba maganizo awo m'nyuzipepala mpaka chakumapeto kwa moyo wawo mu 2021. Paul Tiyambe Zeleza, wa ku Chancellor College wa m'ma 1970, analandira mphotho ya Noma mu 1994 chifukwa cha buku lake la mbiri ya chuma cha Africa, ndipo pambuyo pake anatsogolera yunivesite ina ku Nairobi. Tisaiwalenso Bambo D.D. Phiri, wa pa Blantyre Secondary School, amene digiri yake anaipeza pophunzira kudzera pa makalata, natsegula Aggrey Memorial School mu Blantyre kuti ena aphunzire mwa njira yomweyo. Iwowa analemba m'nyuzipepala sabata ndi sabata kufikira atakalamba ndithu, namwalira mu 2019.

Mwaona chimene chikusowa pamenepa? Mabuku onse amene ndatchulawa ndi a m'Chingerezi. Mlimi wa ku Mchinji amene msonkho wake unaphunzitsa anthuwa sangawerenge zimene iwo anaona. Chinanso n'chakuti amene analemba ambiri ndi alembi a ndakatulo, andale ndi amene anazunzidwa. Injiniya wa ku Polytechnic amene anayala mapaipi a madzi m'makwalala a mzinda uno, kapena mphunzitsi wa ku Soche Hill amene anatha zaka 35 akufumbira choko, sanasiye tsamba ndi limodzi lomwe.

Tsono tifike pa maganizo awo. Mukakhala pansi ndi wina aliyense wa m'badwo umenewu, sipatenga nthawi asanakuuzeni kuti maphunziro analowa pansi. Amati mwana wa digiri wa lero salemba kalata yolongosoka, Chingerezi chake n'chothyokathyoka, ndipo sawerenga buku kulimaliza. Amakumbukira kuti iwo ankadya katatu pa tsiku m'chipinda chodyera, ankagona awiriawiri kapena payekha, ankalandira kandalama ka m'thumba, ndipo mphunzitsi ankadziwa dzina la wophunzira aliyense nawerenga chimangirizo chake mzere ndi mzere. Asanamalize n'komwe maphunziro, ntchito inali ikuwadikira m'boma kapena m'makampani a ku Limbe.

Kodi akunama? Iyayi. Zambiri zimene akunenazi n'zoona, ndipo ife achinyamata timachita bwino kumeza malovu n'kumvetsera. Wophunzira amene amachita lendi kachipinda ku Chitawira kapena ku Zingwangwa, amene amalowa m'kalasi ya anthu mazana atangomwa tiyi wopanda chomwera, sangafanane ndi amene ankaphunzitsidwa m'kagulu ka anthu khumi. Mphunzitsi wokhala ndi mapepala 300 oti achonge sangalembe ndemanga pa chiganizo chilichonse. Pamenepa nkhalamba zikunena chimene zinaona ndi maso, ndipo umboni wawo ndi wofunika, chifukwa umatikumbutsa kuti m'dziko lomwe lino munali nthawi imene wophunzira ankasamalidwa ngati mbewu.

Koma tiyeni tifunse funso limene kawirikawiri silifunsidwa pa macheza amenewa: kodi chakudya chija cha katatu chinatheka bwanji? Chinatheka chifukwa odya anali ochepa. Pa mwana mmodzi amene anafika ku Chichiri, panali anzake ambiri anzeru zofanana naye amene anathera pa Sitandade 8, ena chifukwa cha kusowa fizi, ena chifukwa masekondale anali owerengeka, ena chifukwa anali asungwana ndipo makolo anasankha kuphunzitsa mlongo wawo. Anthu amenewa alibe gulu la ophunzira akale. Sakumana ku hotela, ndipo palibe amawafunsa maganizo awo pa za maphunziro a masiku aja. Nkhalamba ya digiri ikamayerekeza dzulo ndi lero, imayerekeza anthu 90 osankhidwa mwa osankhidwa ndi zikwi zambiri za lero. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 17 miliyoni, ndipo mayunivesite a boma tsopano alipo asanu ndi limodzi, osawerengera a mipingo ndi a anthu wamba. Mutati mutenge ophunzira 90 opambana kwambiri a chaka chino n'kuwapatsa zonse zimene a ku Chichiri ankalandira, sindikayika kuti akale aja angatuluke thukuta kuti apikisane nawo.

Ine amene ndinasulidwa pa ntchito ya uphunzitsi ndisanalowe m'nyumba youlutsira mawu, nkhaniyi imandikhudza mwa njira ina. Mu 1994 boma linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Makalasi sanakwanire, ana anaphunzira pansi pa mitengo, ndipo boma linalemba aphunzitsi zikwi zambiri amene anali asanapite ku koleji. Akale amaloza chaka chimenechi kuti ndi pamene zinthu zinasokonekera, ndipo pa za kukonzekera kochepa akunena zoona. Koma a m'badwo wanga ambiri tinalowa m'kalasi kudzera pa khomo lomwelo. Ndipo taonani m'mene mbiri imapotokera: nduna ya zamaphunziro pa nthawiyo anali Sam Mpasu yemwe uja wa ku Chichiri ndi ku Mikuyu, amene pambuyo pake anakhala Sipikala wa Nyumba ya Malamulo, ndipo mu 2008 khoti linamupeza wolakwa pa nkhani ya kagulidwe ka makope a ana a sukulu ku kampani ya Fieldyork. Sindikunena izi pofuna kudetsa malemu, amene anatisiya mu 2018. Ndikungofuna tione kuti m'badwo umene ukudandaula za maphunziro a lero ndi womwewo umene unakhala m'mipando ya unduna, ya ulembi waukulu ndi ya makhonsolo a mayunivesite pamene zinthuzo zinkasintha. Sakuonera patali ngati alendo. Nyumba imene akuidandaulayi anamanga nawo.

Ganizo lachiwiri limene limamveka kawirikawiri ndi la mwambo. Amati kale wophunzira anali waulemu, wovala bwino, wosaphwanya magalasi. Apa m'pofunika kusamala kwambiri, chifukwa akale enieniwo sagwirizana. Ena amatcha bata lija mwambo, ena amalitcha mantha. Bungwe loletsa mabuku ndi mafilimu linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1968. Lamulo la kavalidwe la mu 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo amuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Chapakati pa zaka za m'ma 1970 aphunzitsi ndi akuluakulu angapo a pa Yunivesite, ambiri a iwo ochokera m'chigawo cha kumpoto, anatsekeredwa popanda mlandu, ndipo mmodzi wa iwo anali mlembi Felix Mnthali. Wandakatulo Frank Chipasula anachoka m'dziko akadali wachinyamata. David Rubadiri, kazembe woyamba wa dziko lino ku America, anatula pansi udindo mu 1965 nakhala kunja zaka zambiri, mpaka anadzatsogolera Yunivesite ya Malawi mu 2000. Mu 1989 aphunzitsi analamulidwa kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo, ndipo mabanja ambiri a mu Blantyre analongedza katundu mwadzidzidzi. M'kalasi ophunzira ankadziwa kuti mwa iwo muli makutu a boma, koma sankadziwa kuti ndi a yani.

Motero nkhalamba ziwiri zimene zinakhala pa desiki imodzi zikhoza kukusimbirani maiko awiri osiyana. Wina anamaliza, nalowa ntchito, nakwezedwa, namanga nyumba ku Namiwawa, ndipo kwa iye masiku aja anali a dongosolo. Mnzake anathera ku Mikuyu kapena ku Lusaka, ndipo kwa iye anali masiku a mdima. Onse awiri akunena zimene anaona. Palinso gulu lachitatu limene silinayankhulepo: amene ankatumiza malipoti, amene anasaina makalata ochotsa anzawo ntchito, amene anatembenuza nkhope pamene mkazi wa womangidwa ankatulutsidwa m'nyumba ya boma. Iwonso anali ophunzira, ndipo ena akali moyo. M'maganizo anga, mbiri ya makoleji athu idzakhala yopunduka mpaka wina mwa iwo adzalimbe mtima n'kufotokoza m'mene munthu wabwinobwino amafikira pochita zotere. Komanso tisaiwale kuti ophunzira amene amanenedwa kuti ndi opanda mwambo ndi omwe anatuluka m'misewu ku Zomba ndi ku Blantyre pochirikiza kalata ya maepiskopi a Chikatolika ya pa 8 Malichi 1992, imene inatsegula njira ya riferendamu ya mu Juni 1993. Iwonso tsopano adutsa zaka 50, ndipo ayamba kale kudandaula za ana a masiku ano.

Pa nkhani ya kasankhidwe ka ophunzira potengera boma lochokera, imene anthu amangoti kota, akale amagawanika kwambiri moti pa macheza ena amagwirizana kuti asaiyambe n'komwe. Njirayi inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, khoti linaikana mu 1993, inabweranso mu 2009, ndipo inathetsedwa mu 2020. Woichirikiza amati inapatsa mwayi maboma otsalira. Woitsutsa amati inalanga mwana wakhama chifukwa cha mudzi wa makolo ake. Muzu wa mkanganowu ndi womwe uja wa ku Chichiri, wakuti malo anali ochepa kuposa ana oyenera.

Pali nkhani ina imene akale ena sakonda kuti itchulidwe. Kuyambira m'ma 1980 ophunzira anayamba kupatsidwa ngongole, ndipo kwa zaka zambiri ochepa okha ndiwo ankabweza. Mu 2015 boma linakhazikitsa bungwe loona za ngongole za ophunzira a m'masukulu a ukachenjede, ndipo imodzi mwa ntchito zake ndi kulondola ngongole zakale zija kuti ndalamazo zithandize ana a lero. A m'gulu loyamba la m'ma 1960 alibe ngongole ya pa pepala, chifukwa anaphunzira ndi ndalama za boma. Koma ndalama za boma zinali msonkho wa alimi a fodya ndi mtedza, ndi wa amuna amene ankatsika m'migodi ya ku Joni. Ena mwa akale amaizindikira ngongole yosalembedwayi, ndipo mwakachetechete amalipirira fizi ana amene si abale awo. Amenewa ndimawachotsera chipewa. Ndipo ndaona kuti iwowa akamadandaula za maphunziro, achinyamata amawamvera mosiyana ndi m'mene amamvera amene amangodzudzula ali chimanjamanja.

Chodandaula china n'cha maina. Bunda inachoka m'banja la Yunivesite ya Malawi n'kukhala maziko a LUANAR. Mu Meyi 2021 otsalawo anagawanika: Polytechnic inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS, ndipo Chancellor College inatenga dzina la Yunivesite ya Malawi. Zifukwa zake zinali zomveka, pakuti koleji iliyonse inkafuna kudziyendetsa ndi kukula payokha m'malo modikira chilolezo cha ofesi ya ku Zomba. Koma taganizirani mayi wa zaka 78 amene satifiketi yake inachokera ku Soche Hill. Koleji yake inamezedwa mu 1973, ndipo dzina la imene inaimezayo linachotsedwa mu 2021. Akafuna kulemba kalata yonena za moyo wake, kapena kupereka zithunzi zake, aitumize kwa yani? Injiniya wakale akamadutsa pa Ginnery Corner amaonabe nyumba zomwe zija, koma chikwangwani chikunena zina, ndipo pakamwa pake mpaka lero pamangotuluka kuti Poly. Ena angati imeneyi ndi nkhani yaing'ono ya anthu okonda zakale. Koma pamene dzina lasintha, kawirikawiri kaundula wa ophunzira akale amasowa mwini, ndipo mafayilo amathera m'chipinda chodontha.

Malo osungirako zinthu zotere alipo. Ku Zomba kuli nkhokwe ya boma ya zolembedwa zakale, National Archives. Mu Blantyre muno, m'chipinda cham'mwamba cha Mandala House, nyumba imene inamangidwa mu 1882, muli laibulale ya Society of Malawi, bungwe limene magazini yake inayamba kutuluka mu 1948. Ku Chichiri komweko kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Museum of Malawi. Malaibulale a mayunivesite nawonso ali ndi zigawo zosunga zolembedwa za Malawi. Chimene chimasowa ndi munthu wonyamula katunduyo kuchoka m'sutikesi ya pansi pa bedi, chiswe chisanamalize ntchito yake, kapena achibale asanakolezere moto mapepalawo poyeretsa m'nyumba maliro atatha.

Inu omvera amene muli ndi agogo otere pakhomo, foni imene muli nayo m'manjayo imajambula mawu. Musawafunse ngati maphunziro analowa pansi, chifukwa yankho lake mukulidziwa kale ndipo litenga madzulo onse. Afunseni kuti kalata yowaitana ku koleji inawapeza ali kuti, ndani anagulitsa mbuzi kuti apeze ndalama ya basi, ndi mnzawo uti wa ku pulayimale amene ankawaposa m'kalasi koma sanapitirire, ndiponso ndani anasowa pa koleji usiku wina osaonekanso. Afunseni m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilomwe, m'Chisena, m'chiyankhulo chilichonse chimene amalotera. Akatulutsa chithunzi cha gulu lawo, tengani pensulo, mulembe kumbuyo kwake chaka, malo, ndi dzina la munthu aliyense kuyambira kumanzere, iwo akali kukumbukira.